Buku la pafoni nalo lili ndi mwini wake: laibulale, bulogu ndi zilolezo zotseguka ku Mangochi

Mukafuna kudziwa kumene ana a sukulu a ku Mangochi akupeza zowerenga masiku ano, musathamangire ku mashelefu. Yambani mwaona m'foni. M'magulu a pa WhatsApp a ophunzira a Fomu 4 mumadutsa manotsi ojambulidwa ndi kamera ya foni, mapepala a mayeso akale a MANEB, ndi mabuku athunthu a PDF omwe palibe akudziwa kuti adayamba kuwatumiza ndani. Wina ali ku Namwera, wina ku Makanjira, wina ku Monkey Bay, koma fayilo ndi imodzimodziyo, yopendekeka, masamba ena osawerengeka. Aphunzitsi amadziwa, makolo amadziwa, ndipo woyang'anira laibulale naye amadziwa chifukwa nthawi zambiri ali m'gulu momwemo.

Ena akaona zimenezi amati laibulale yatha ntchito. Ine sindikuona choncho. Chomwe chachitika n'chakuti zowerenga zikuyenda zokha, popanda wozisankha, wozisunga, kapena wonena ngati n'zololedwa kuzigawa, ndipo izi ndi ntchito zenizeni za woyang'anira laibulale. Boma la Mangochi lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo sadzapondamo m'nyumba yowerengeramo mabuku. Munthu wa ku Makanjira sangataye tsiku lathunthu ndi ndalama ya thiransipoti kudzabwereka buku limodzi pa boma. Foni ikhoza kufupikitsa mtunda umenewu. Koma pali zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza ngati chimodzi: chida chotumizira, ndi chilolezo cha mwini wa zomwe mukutumizazo. Za chida tonse timazidziwa pang'ono. Za chilolezo ndi zomwe zimagwetsa ntchito.

Maganizo oti laibulale izicheza ndi owerenga pa intaneti si a dzulo. Blogger itabwera mu 1999 ndi WordPress mu 2003, munthu wosadziwa kupanga webusayiti adayamba kutha kulemba tsamba lake n'kumaliwonjezera tsiku ndi tsiku. Bulogu ndi chimenecho basi: tsamba la pa intaneti pomwe nkhani yatsopano imakhala pamwamba, zakale n'kumatsika koma osafufutika, ndipo iliyonse ili ndi adiresi yake. Mu 2005 Michael Casey wa ku America adatchukitsa dzina loti Library 2.0 ponena za laibulale yotere, ndipo m'chaka chomwecho laibulale ya ku Ann Arbor ku Michigan idasandutsa tsamba lake kukhala mabulogu oti owerenga aziyankhapo. Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima ndi cha Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America. Mu Januwale 2008 idaika zithunzi zakale pafupifupi 3,000 pa Flickr, tsamba loikapo zithunzi, zina zosadziwika bwino kuti zidajambulidwa pati komanso ndani ali pamenepo. Anthu wamba ndi omwe adayamba kulemba pansi pa zithunzizo: msewu uwu ndi wakuti, fakitale iyi inali ya uje. Laibulale yaikulu chotere idaphunzira kwa owerenga ake.

Kuno kwathu zida zomwe zili m'manja mwa anthu ndi WhatsApp ndi Facebook, ndipo chifukwa chake ndi mtengo wa bandulo. Makampani a foni amagulitsa mabandulo a WhatsApp kapena Facebook okha motchipa poyerekeza ndi bandulo yotsegula intaneti yonse. Zimenezi zili ndi zotsatira zomwe olemba mapulani a m'maofesi amaziphonya kawirikawiri. Mukatumiza linki ya bulogu m'gulu, yemwe ali ndi bandulo ya WhatsApp yokha akadina sipatseguka kanthu. Ndiye woyang'anira laibulale wodziwa anthu ake amatumiza nkhani yonse m'gulumo, mawu okha kapena kafayilo kopepuka, linki n'kuiika kumapeto kwa yemwe angathe. Amajambulanso uthenga wa mawu, chifukwa msodzi amene sadapite patali ndi sukulu amamvera koma sawerenga.

Nanga bulogu ndi yachiyani ngati anthu ali pa WhatsApp? Uthenga wa pa WhatsApp uli ngati usipa wauwisi pa doko: umafika msanga kwa woufuna, koma mawa lake suliponso. Wa pa bulogu ndi usipa wofutsa. Chomwe mudatumiza m'gulu mwezi wa Febuluwale chakwiririka kale ndi mauthenga a maliro, maukwati ndi mpira, ndipo wolowa m'gulumo lero sangachione n'komwe. Foni ikagwera m'madzi, zonse zapita. Facebook nayo sionetsa zomwe mwalemba kwa onse otsatira tsamba lanu. Makina ake ndi omwe amasankha woti aone. Ndipo malowo si anu. Google idatseka tsamba lake lochezera la Google+ mu 2019, ndipo chaka chomwecho tsamba lina lotere, Myspace, lidavomera kuti lidataya nyimbo zomwe anthu adaikapo kwa zaka 12. Bulogu imapezeka pa Google, imafufuzika, ndipo zonse za pamenepo mukhoza kuzitsitsa n'kuzisunga pa fulashi. Choncho cholemba chilichonse chofunika chiyambe chakhala pa bulogu, kenako chipite kokalengezedwa.

Zolembapo sizisowa. Mabuku omwe angofika kumene, nthawi yotsegulira, masiku omaliza kutumiza makalata ofunsira malo ku makoleji, chilengezo cha nthambi ya za usodzi chonena kuti nyanja yatsekedwa liti ndipo makoka oletsedwa ndi ati. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe idavuta kwambiri m'mbali mwa nyanja, mauthenga abodza ankathamanga kuposa oona. Tsamba lomwe anthu amalidziwa kuti limanena kumene latenga nkhani yake ndi lamtengo wapatali pa nthawi ngati imeneyo.

Tsopano ku nkhani ya umwini. Dziko lino lili ndi lamulo la Copyright Act la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, ndi lomwe limayang'anira ufulu wa olemba ndi oimba. Mfundo yoyamba yomwe anthu ambiri saidziwa ndi yakuti umwini umayamba wokha. Munthu akangolemba nkhani, kujambula chithunzi kapena kupeka nyimbo, n'chake, ngakhale asakalembetse kulikonse, ngakhale asaikepo chizindikiro chilichonse. Umwiniwo umakhalapo moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira. Choncho chinthu kupezeka pa intaneti popanda kulipira sikutanthauza kuti chilibe mwini. Chithunzi cha chambo chomwe mwachipeza pa Google chili ndi yemwe adachijambula.

Lamuloli limasiya mpata wina. Kutengako ndime pang'ono pophunzitsa, kapena laibulale kukopera buku lake pofuna kulisunga, ndi zinthu zomwe malamulo otere amazilola mwa malire. Malawi adalowanso mu 2017 m'pangano la Marrakesh, lomwe limathandiza kuti mabuku asandutsidwe kukhala oti anthu osaona athe kuwagwiritsa ntchito. Koma mpata umenewu ndi wopapatiza. Kujambula buku lonse lomwe likugulitsidwa m'shopu n'kuliponya m'gulu la anthu mazana sikulowa mmenemo. Mwana wa sukulu akatero, tonse timamvetsa umphawi womwe wamukankha. Laibulale ikatero pa tsamba lake, ndi dzina lake pamwamba, ndi nkhani ina. Ndipo tisaiwale kuti wolemba mabuku wa ku Malawi, yemwe amasindikiza makope ochepa ndi ndalama ya m'thumba mwake, ndi amene amayamba kumva kuwawa.

Chomwe chimakhudza Mangochi kwambiri ndi kumasulira. Kutembenuza nkhani kuchoka m'chinenero china kupita m'china ndi ufulu wa mwini. Kuno ana ambiri amayamba Sitandade 1 akulankhula Chiyao kunyumba, sukulu n'kuwalandira ndi Chichewa ndi Chingerezi. Mabuku a ana a m'Chiyao ndi osowa, ndipo wosindikiza mabuku wofuna phindu sathamangira msika umenewu.

Tiyerekeze mphunzitsi wa Sitandade 2 wafika ndi kabuku m'manja.

"Madamu, kabuku aka ana akukakonda, koma theka la kalasi Chichewa akuchimva movutikira. Ndingakatembenuze m'Chiyao n'kupulinta makope angapo?"

"Tiyeni tione kaye kumbuyo kwake, aphunzitsi."

Kumbuyoko kukalembedwa kuti ufulu wonse ndi wa wosindikiza, ndiye kuti pafunika kalata. Kalatayo ipite ku Blantyre, mwina ku Nairobi kapena ku London, kwa munthu yemwe mwina adachoka ntchito, ndipo yankho likhoza kubwera teremu itatha kapena osabwera n'komwe. Koma kumbuyoko kukakhala kachizindikiro ka zilembo ziwiri, CC, yankho lilipo kale. Mwini adalolezeratu.

Zilembozo zikuimira Creative Commons, bungwe lomwe lidayamba ku America mu 2001, mmodzi mwa oyambitsa ake ali katswiri wa malamulo Lawrence Lessig. Malaisensi ake oyamba adatuluka mu Disembala 2002, ndipo omwe akugwira ntchito kwambiri lero, a 4.0, adatuluka mu 2013 ndipo adalembedwa kuti azigwira ntchito m'dziko lililonse. Laisensi yotere siichotsa umwini, ndiponso siilimbana ndi lamulo la dziko. Imaima pa lamulo lomwelo. Mwini akunena kwa aliyense, kamodzi n'kamodzi, kuti: ichi n'changa, koma mukhoza kuchikopera ndi kuchigawa osandifunsa, bola mutsate izi.

Zoti mutsatezo zimalembedwa ndi zilembo ziwiriziwiri. BY akutanthauza kuti mutchule mwini, ndipo ali m'mitundu yonse 6 ya malaisensi a CC. SA akuti mukasintha kapena kumasulira, chatsopanocho muchitulutse ndi laisensi yomweyo, kuti winanso adzathe kuchita zomwe inu mwachita. Wikipedia imayendera imeneyi. Awiriwa savuta kumva. Ovuta ndi ND ndi NC.

ND amalola kugawa chinthu mmene chilili, koma amaletsa kugawa chosinthidwa. Kumasulira ndi kusintha. Ndiye kabuku kaja kakakhala ndi ND, mphunzitsi uja akhoza kupulinta ka Chichewa kambirimbiri, koma ka Chiyao sangakagawe. Mabungwe ena amasankha ND poopa kuti wina angapotoze uthenga wawo, makamaka wa zaumoyo, ndipo mantha amenewo ndi omveka. Koma kwa boma ngati lathu, ND ndi chitseko chotsekera chinenero chathunthu panja. Bungwe lomwe limalemba za likodzo, n'kuletsa kuti uthengawo umasuliridwe m'chinenero cha ana omwe amasamba m'nyanja tsiku lililonse, ladzitchera lokha msampha.

NC amaletsa kugwiritsa ntchito chinthu pofuna phindu la ndalama. Pongomva zikuoneka zabwino: ndani angafune kuti wina alemerere pa thukuta lake? Koma taganizani mmene pepala limafikira m'manja mwa mwana kuno. Sukulu zambiri zilibe pulinta. Mphunzitsi amatenga fulashi kupita nayo kwa mnyamata wa fotokope pa msika, yemwe amalipiritsa pa tsamba lililonse chifukwa inki ndi mapepala amagula. Kodi wachita malonda? Ku America funso lomweli lidafika kukhoti pa mlandu wa Great Minds, bungwe lolemba zophunzitsira, ndi FedEx, kampani ya mashopu a fotokope, ndipo mu 2018 khoti lidagamula kuti shopu yokopera m'malo mwa sukulu siidalakwe. Chigamulo chimenecho sichimanga makhoti athu, koma chikusonyeza pomwe pali malire: kutumidwa ndi sukulu ndi kwina, kupulinta mulu wako n'kumagulitsa pa benchi ndi kwina. Vuto ndi lakuti kumadera ngati Katuli kapena Nankumba, wogulitsa pa benchiyo ndi amene angafikitse kabukuko komwe galimoto ya bungwe siifika. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti zowerenga za ana, zopangidwa ndi ndalama za boma kapena za thandizo, zimayenera BY yekha.

Palinso CC0, yomwe mwini amasiyiratu ufulu wake wonse. Ndipo pali chinthu chimodzi chomwe aliyense ayenera kuuzidwa asanasaine: laisensi ya CC siibwezedwa. Mukhoza kuchotsa nkhani pa tsamba lanu, koma amene adaitenga kale ali ndi ufulu wopitiriza kuigwiritsa ntchito.

Mphunzitsi uja akamaliza kumasulira, ntchito yake yotsala ndi mzere umodzi pa tsamba lomaliza: dzina la nkhani, adalemba ndi uje, adajambula zithunzi ndi uje, yatengedwa pa tsamba lakuti, laisensi CC BY 4.0, yamasuliridwa m'Chiyao ndi aphunzitsi a pa sukulu yakuti. Mawu oti yamasuliridwa ndi ofunika, chifukwa laisensi imafuna kuti munene ngati mwasintha kanthu. Cholakwika chikapezeka m'Chiyaocho, asanamiziridwe wolemba woyamba.

Zowerenga zotere zilipo zambiri ndithu. African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, ili ndi timabuku ta ana m'zinenero zambiri za mu Africa, Chichewa chili momwemo, ndipo pa tsamba lomwelo pali malo omasulirira. StoryWeaver ya Pratham Books ku India, yomwe idayamba mu 2015, ndi Book Dash ya ku South Africa zimatulutsa mabuku awo ndi CC BY. Pulogalamu ya Bloom ya bungwe la SIL idapangidwira zinenero zomwe zili ndi mabuku ochepa. Kumene netiweki imavuta kuli Kiwix, pulogalamu yomwe imasunga Wikipedia yonse m'kompyuta kapena m'foni n'kumawerengeka popanda intaneti, komanso RACHEL, kabokosi komwe kamaponya Wi-Fi m'chipinda chimodzi kuti mafoni ndi matabuleti atengemo maphunziro osadya bandulo. Kabokosi kotere kamayenda ndi sola yaing'ono. Koma onani kuti zonsezi zimatheka chifukwa eni zolembazo adalola kukopera. Popanda chilolezo, kabokosiko ndi kopanda kanthu.

Kwa akuluakulu nkhani yake ndi ya kafukufuku. Mangochi ndi boma lofufuzidwa kwambiri. Ku Lungwena kwachitika kafukufuku wa zaka zambiri wa umoyo ndi kadyedwe ka ana. Asayansi a m'mayiko osiyanasiyana akhala akubwera kudzaphunzira nsomba za mbuna za ku Cape Maclear, komwe kuli paki ya Lake Malawi yomwe UNESCO idaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Za kuchepa kwa chambo m'nyanja ya Malombe zalembedwa kambirimbiri. Koma zambiri mwa zolembazi zidasindikizidwa m'magazini a sayansi akunja omwe kuwerenga nkhani imodzi kumafuna madola. Wophunzira wa pa koleji ya za usodzi ku Mpwepwe akhoza kulephera kuwerenga za nsomba zomwe akuziona pa doko. Kutsutsana ndi zimenezi ndi komwe kudabala mgwirizano wa ku Budapest wa 2002, wolimbikitsa kuti zotsatira za kafukufuku ziziwerengedwa mwaulere. Kuno kwathu malaibulale adapanga mgwirizano wa MALICO mu 2003 kuti azipezera limodzi magazini a pa intaneti, ndipo Malawi Medical Journal imawerengedwa popanda kulipira. Chenjezo lake ndi limodzi: chowerengeka mwaulere si nthawi zonse chololedwa kusintha. Muone kaye laisensi. Ikakhala CC BY, woyang'anira laibulale ndi mlangizi wa za usodzi akhoza kukhala pansi, kufupikitsa masamba 20 a Chingerezi kukhala tsamba limodzi la Chichewa, n'kulipereka ku komiti ya pa doko kapena ku wailesi ya m'dera ngati Dzimwe kuti liwerengedwe.

Mpaka pano takamba za kulandira, ndipo apa ndi pomwe mapulojekiti ambiri amathera. Kwa ine, theka lalikulu la ntchito ndi kupereka. Mukafufuza za Mangochi pa intaneti, zambiri zomwe zimabwera ndi za malo ogona alendo ndi magombe, zolembedwa m'Chingerezi ndi anthu odutsa. Chikhalirecho tawuni ino, yomwe idayamba mu 1891 ndi dzina loti Fort Johnston, ili ndi mbiri yoti munthu akhoza kuigwira ndi manja. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria. Pali mfuti ya sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 idakawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Pali chikumbutso cha anthu 145 omwe adafa sitima ya Vipya itamira mu 1946. Pali nyumba yosungiramo zinthu zakale za m'nyanja. Zimenezi zidalembedwako. Zomwe sizidalembedwe ndi zomwe zili m'mitu ya anthu: mmene asodzi a chilimira amawerengera mwezi ndi mphepo ya mwera, mayina a madoko omwe adamira nyanja itakwera, mbiri ya magule a beni, nkhani za amuna omwe akhala akupita ku Johannesburg mibadwo ingapo. Ana a anthu amenewa, omwe ali kunjako, ndi owerenga enieni a bulogu ya kwawo, ndipo zithunzi zakale zambiri zili m'masutikesi awo.

Palinso zakale zomwe umwini wake udatha. Yohanna Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican, adalemba mbiri ya Ayao yotchedwa Chiikala cha Wayao, yomwe idasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Iye adamwalira mu 1924, choncho mawu ake a Chiyao ndi a aliyense tsopano: laibulale ikhoza kuwalembanso, kuwajambula m'mawu, kuwaika pa bulogu. Koma kumasulira kwa m'Chingerezi kwa Meredith Sanderson, komwe kuli m'buku lomwelo, kuli ndi umwini wakewake wowerengedwa kuchokera pa imfa ya womasulirayo. Buku limodzi, eni awiri. Zotere ndi zomwe munthu wophunzira ntchito ya laibulale amaziona pomwe ena sitiziona.

Kufalitsa ndi njiranso yosungira. Moto utagwira laibulale ya yunivesite ya Mzuzu mu Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 adapsa. Mabuku ogula m'shopu amapezekanso. Chomwe sichibwerera ndi chomwe chinali ndi kope imodzi yokha. Chinthu chomwe chili ndi laisensi yotseguka chimakhala pa bulogu, pa fulashi ya mphunzitsi, pa masamba osungira zinthu ngati Internet Archive ndi Wikimedia Commons, ndipo palibe moto umodzi ungachimalize. Kungoti Wikimedia Commons siilandira zithunzi za NC kapena ND, chomwe ndi chifukwa china choganizira bwino posankha laisensi. Wikipedia ya Chichewa ilipo, koma nkhani zake n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi za Chingerezi zomwe zidapitirira 6 miliyoni. Ophunzira a sekondale asanu ndi foni imodzi ya kamera yabwino akhoza kusintha zomwe dziko limaona likafufuza dzina la Malindi kapena Chembe.

Koma si chilichonse choyenera kutsegulidwa, ndipo pano ndikufuna kuchedwapo. Malaisensi a CC adapangidwa poganiza za mwini mmodzi wodziwika, yemwe angathe kunena kuti ichi n'changa, tengani. Nthano ilibe mwini wotero. Lamulo lathu limaika umwini wa zachikhalidwe, monga nthano, nyimbo za makolo ndi magule, m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, popanda malire a zaka, ndipo wofuna kupanga nazo ndalama amayenera kupempha chilolezo. Choncho laibulale ikajambula agogo akusimba nthano, chomwe ingaikepo laisensi ndi chojambulidwacho, mogwirizana ndi agogowo, osati nthanoyo. National Library Service, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, idagwirapo kale ntchito yojambula nthano m'madera osiyanasiyana mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno, ndiye pali poyambira kufunsa.

Kuposa lamulo pali mwambo. Zomwe zimaphunzitsidwa ku jando ndi ku nsondo zili ndi eni ake ndi nthawi yake. Wachinyamata wokonda kamera akhoza kuganiza kuti akusunga chikhalidwe, chikhalirecho akuulula zomwe anakanga ndi angaliba sadamulole. Palibe laisensi yomwe ingakonze zimenezo. Ngakhale pa nkhani wamba, chilolezo chisakhale chongosainitsa chala pa fomu ya Chingerezi. Chinenedwe m'chinenero cha munthuyo, momveka:

"Agogo, mawu anuwa akapita pa intaneti adzawamva anthu a kutali omwe simukuwadziwa, ena adzawaika pa wailesi, ndipo sitidzatha kuwabweza. Mukulola?"

Akati ayi, kapena akati zimvedwe m'laibulale mokha, zikhale choncho. Ndipo kwa amfumu kumayambidwa kufikidwa, osati kumapeto.

Owerenga nawo ali ndi zinsinsi zawo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, Data Protection Act la 2024, koma ngakhale lisanabwere, oyang'anira malaibulale ankadziwa kuti zomwe munthu wabwereka si zolengeza. Kulemba pa Facebook mayina a omwe sadabweze mabuku kumaoneka ngati njira yachidule, koma mtsikana yemwe adabwereka buku la za uchembere sadzabweranso. Zithunzi za ana a kalabu yowerenga zimakometsa tsamba, koma zimafuna chilolezo cha makolo, ndipo kuziika pa laisensi yotseguka ndiye kuti aliyense akhoza kuzitenga. Kujambula manja ndi mabuku, nkhope osaoneka, kumakwanira. Gulu la pa WhatsApp lili ndi vuto lakelake: aliyense wa m'gulumo amaona nambala za anzake. Mukaphatikiza atsikana a sekondale ndi abambo osadziwika m'gulu limodzi, mwagawa nambala za anawo. Njira yongolengezera, yomwe otsatira saonana nambala, ndi yabwinopo pa zilengezo, ndipo gulu lokambirana likhale ndi wamkulu wolilondera.

Chomwe chimapha masamba ambiri si lamulo kapena netiweki. Mukayendayenda pa intaneti mupeza mabulogu a sukulu ndi mabungwe a kuno kwathu omwe nkhani yawo yomaliza ndi ya tsiku lotsegulira, alendo olemekezeka atakhala kutsogolo. Pulojekiti idatha, ndalama ya bandulo idatha, kapena yemwe ankalembapo adasamutsidwa. Kawirikawiri tsambalo adalitsegula ndi imelo yake ndi nambala yake ya foni, ndipo atachoka adapita ndi pasiwedi. Wobwera m'malo mwake amatsegula tsamba lina, owerenga n'kugawikana. Kupewa kwake n'kosavuta: imelo ikhale ya laibulale, oyendetsa tsamba akhale osachepera awiri, ndalama ya bandulo ilembedwe mu bajeti pamodzi ndi ya magetsi ndi madzi, ndipo kamodzi pa teremu zonse za pa bulogu zitsitsidwe pa fulashi. Pa tsiku losiyirana ntchito, pasiwedi iperekedwe limodzi ndi makiyi a chitseko ndi kaundula wa mabuku, ndipo wolandirayo aisinthe tsiku lomwelo.